Majini a chitetezo a panda ndi mkaka woyamba wa thole

Funso: Ndimaphunzitsa Biology pa sekondale ina yoyendera kuno ku Thyolo, ndipo kunyumba ndili ndi ng'ombe ziwiri za mkaka. Mwana wina wa Fomu 4 anabwera ndi nkhani imene anaiona pa foni, yoti akatswiri a ku China akhala akufufuza majini opanga ma antibody m'thupi la panda, chimbalangondo chakuda ndi choyera chodya nsungwi chija. Anandifunsa mafunso awiri. Ngati munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000 okha, thupi limawatenga kuti majini opangira ma antibody a matenda onse amene alipo? Nanga popeza ma panda anatsala ochepa, ndiye kuti chitetezo chawo chinafooka? Ine ndiwonjezepo langa: nkhani ya nyama ya ku China ili ndi phindu lanji kwa ife a kuno? — Mphunzitsi, Thyolo

Yankho: Aphunzitsi, mwana wanuyo ali ndi mutu, mumusamale. Funso lake loyambalo linawazunguza akatswiri kwa zaka makumi angapo, ndipo amene anadzaliyankha analandira nalo mphoto ya Nobel. Yankho lake ndi limenenso likutsekulireni mafunso enawo. Jini la antibody sitibadwa nalo lathunthu. Chimene timalandira kwa makolo ndi zidutswa, ndipo thupi limazilumikiza lokha, selo ndi selo, kuyambira tili m'mimba mpaka kukalamba. Panda amatero, ng'ombe zanu ziwirizo nazonso zimatero.

Antibody ndi puloteni yooneka ngati chilembo Y, yopangidwa ndi maunyolo anayi, awiri aatali ndi awiri aafupi. Nsonga ziwiri zam'mwamba ndizo zimagwira kachilombo, ndipo antibody iliyonse ili ndi nsonga zakezake. Tsinde la pansi silisiyanasiyana kwambiri. Ntchito yake ndi kuitana maselo ena a chitetezo kuti adzamalize mdaniyo. Opanga ma antibody ndi maselo oyera a m'magazi otchedwa B, amene mwa munthu ndi mwa panda amabadwira mkati mwa mafupa. Selo B lililonse limapanga antibody ya nsonga za mtundu umodzi basi.

Mu 1976 Susumu Tonegawa, wa ku Japan koma akugwira ntchito ku Basel m'dziko la Switzerland, anayerekezera DNA ya mbewa yosabadwa ndi DNA ya maselo opanga ma antibody. Anapeza kuti zidutswa zimene zinali kutalikutali mwa mbewa yosabadwayo zinali zitayandikana m'maselo enawo. Masiku amenewo akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti DNA ya m'maselo onse a thupi limodzi ndi yofanana ndipo sisuntha. Mphoto ya Nobel ija anailandira mu 1987.

Ana anu muwafotokozere motere. Pali telala pa Luchenza amene ali ndi mpukutu wautali wa nsalu. Pa mpukutuwo pajambulidwa makolala 40 osiyanasiyana motsatizana, kenako matumba 23, kenako manja 6. Telalayo amasankha mwachisawawa kolala imodzi, thumba limodzi ndi mkono umodzi, n'kuzisoka pamodzi, nsalu yonse yapakati n'kuitaya. Makolalawo ndi zidutswa zotchedwa V, matumba ndi D, manja ndi J, ndipo manambalawa ndi pafupifupi amene munthu ali nawo pa chromosome 14, pamene pali jini la unyolo wautali. Lumo lake ndi mapuloteni awiri, RAG1 ndi RAG2. Selo B lililonse lili ndi mpukutu wakewake, ndipo likadula ladula, zotayidwazo sizibwereranso.

Muwapatse choko awerengere okha pa bolodi: 40 kuchulukitsa ndi 23, kuchulukitsanso ndi 6, ndi 5,520. Unyolo waufupi ulibe D, uli ndi V ndi J yokha, ndipo uli mitundu iwiri, kappa pa chromosome 2 ndi lambda pa chromosome 22. Iwiriyi pamodzi imapereka njira pafupifupi 320. Kuphatikiza wautali ndi waufupi, tafika kale pa ma antibody oposa 1.7 miliyoni kuchokera ku zidutswa zosakwana 200. Komatu kuchuluka kwenikweni kumachokera pa msoko. Polumikiza, selo limadyako zilembo zingapo za DNA kumapeto kwa chidutswa, ndipo enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'selo) yotchedwa TdT imaikapo zilembo zatsopano zimene sizinalembedwe paliponse mwa bambo kapena mayi. Msoko umenewu umadzagwera pakatikati pa nsonga imene imagwira kachilombo. Apa ndiye ma antibody amene angatheke amapitirira mabiliyoni 100. N'chifukwa chake ngakhale mapasa ofanana kwambiri sakhala ndi ma antibody ofanana ndendende.

Njira imeneyi imawononga zambiri. Pa misoko itatu iliyonse, pafupifupi iwiri imasokoneza kawerengedwe ka jini, ndipo selo likalephera pa chromosome yochokera kwa kholo limodzi, n'kulepheranso pa yochokera kwa kholo linalo, limafa. Ena amatuluka ndi antibody yoluma thupi la mwini wake. Amenewo amakonzedwanso kapena kuphedwa asanatuluke m'mafupa. Otsalawo amangozungulira m'magazi, ambiri mpaka kufa osakumana ndi mdani amene nsonga zawo zingamugwire.

Kachilombo kakalowa, maselo ochepa amene nsonga zawo zagwirako ngakhale pang'ono amayamba kuswana. Mwanabere amene amatupa m'mphechepeche munthu akavulala kuphazi, ntchito imene imakhala ikuchitika mkatimo ndi imeneyi. M'menemo enzyme ina, AID, imasintha zilembo za chidutswa V mofulumira kwambiri, pafupifupi kamiliyoni kuposa mmene DNA ina yonse imasinthira, ndipo maselo amene antibody yawo yayamba kugwira zolimba ndi amene amaloledwa kukhala. AID yomweyo imasinthanso tsinde: selo limene linayamba ndi mtundu wa antibody wotchedwa IgM limasamukira ku mtundu wina, IgG ya m'magazi, IgA ya m'matumbo ndi m'mamina, kapena IgE yolimbana ndi nyongolotsi. Zonsezi zimadya nthawi. Ma antibody oyamba amaoneka pakatha pafupifupi sabata, abwino kwenikweni pakatha masabata awiri kapena atatu. Mawu oti nthawiwa muwasunge, pakuti moyo wa panda ndi wa thole uli pamenepo.

Pali mtengo wina wowawa umene timalipira, ndipo ife a kuno timaudziwa. Selo limene limadula DNA yake nthawi zina limalumikiza molakwika. Khansa ya Burkitt, imene imatupitsa nsagwada kapena mimba ya ana ndipo ndi imodzi mwa khansa za ana zofala kwambiri m'Malawi muno, imayamba pamene jini lofulumizitsa kuswana kwa maselo, MYC ya pa chromosome 8, lamatidwa pafupi ndi jini la antibody, kawirikawiri la pa chromosome 14 lija. Malungo obwerezabwereza ndi kachilombo ka Epstein-Barr zimawonjezera ngoziyi. Denis Burkitt anailongosola mu 1958 ali ku Uganda. Mwana wotupa nsagwada mofulumira apite naye kuchipatala msanga, khansa imeneyi imamva mankhwala.

Tsopano tipite kwa panda. Mu 2010 magazini ya sayansi ya Nature inasindikiza lipoti la DNA yonse ya panda wamkazi wa zaka zitatu dzina lake Jingjing, wa kumalo oswetsera ma panda ku Chengdu m'dziko la China. Ntchito yaikulu inagwiridwa ku bungwe la BGI ku Shenzhen. Anapeza kuti DNA yake ili ndi zilembo pafupifupi mabiliyoni 2.4 ndi majini pafupifupi 21,000. Panda ali ndi ma chromosome 42, ife tili ndi 46, zimbalangondo zina zambiri zili ndi 74. Chodabwitsa chinali chakuti nyama imene chakudya chake pafupifupi chonse ndi nsungwi ili ndi majini onse ogayira nyama, koma ilibe akeake ogayira ulusi wa nsungwi. Imadalira tizilombo ta m'matumbo. Jini lomvera kukoma kwa nyama, Tas1r1, linawonongeka. M'kati mwake panda akadali m'banja la zodya nyama, m'bale wa galu. Majini ake a tsinde la antibody alipo a magulu onse asanu, IgM, IgD, IgG, IgE ndi IgA, ndipo amafanana kwambiri ndi a galu. Nayenso amadula ndi kulumikiza V, D ndi J monga ife.

Mwina mungafunse kuti nanga DNA yonse itawerengedwa kale, akufufuzanso chiyani. Malo a majini a antibody ndi ena mwa ovuta kwambiri kuwerenga m'nyama iliyonse, chifukwa zidutswa zake ndi zambiri, zofanana kwambiri, zina zamoyo zina zakufa, zili mondondozana. Makina a nthawi ya Jingjing ankawerenga DNA m'tizidutswa tifupitifupi, ndipo kompyuta inkasokonezeka pozilumikiza malo otere. Ndiye pamafunika ntchito yapadera. Phindu lake ndi looneka ndi maso: ukadziwa mmene IgG ya panda inapangidwira, ungathe kupanga zipangizo zoyezera magazi ake enieni m'malo mobwereka za galu, n'kudziwa ngati katemera wagwira, kapena ngati kamwana kalandira chitetezo chokwanira kuchokera kwa mayi ake.

Ndipo simungangoganiza kuti nyama zonse zimachita ngati munthu. Onani za pakhomo panu pomwe. Nkhuku ili ndi V imodzi yokha yogwira ntchito pa unyolo wautali, ndi imodzinso pa waufupi. Kusiyanasiyana imakupeza pokopera tizigawo kuchokera ku zidutswa zakufa zimene zili pafupi, ndipo izi zimachitikira m'kathumba kamene kali chakumapeto kwa matumbo, kotchedwa bursa. Chilembo B cha maselo aja chinachokera pa kathumba kameneka, Bruce Glick atapeza mu 1956 kuti nkhuku zochotsedwa bursa zili anapiye sizipanga ma antibody. Matenda a Gumboro, amene oweta nkhuku za mazira ndi za nyama amawaopa, amadya kathumba komweka. N'chifukwa chake anapiye amene apulumuka Gumboro ali aang'ono amatha kudzafa ndi chitopa ngakhale analandira katemera wake: opanga ma antibody anawonongeka kale.

Ng'ombe nayo ili ndi njira yake. Zidutswa V zogwira ntchito ili nazo zochepa, khumi ndi zingapo, koma ena mwa ma antibody ake, pafupifupi imodzi pa khumi iliyonse, ali ndi chala chachitali chotuluka pa msoko uja, cha ma amino acid (tizigawo tomangira puloteni) ofika 60 kapena 70, pamene mwa munthu amakhala pafupifupi 15. Chalachi chimalowa m'ming'alu imene antibody ya munthu singafike. Mu 2017 akatswiri a ku America anabaya mathole anayi puloteni ya pa chikopa cha HIV, ndipo onse anayi anapanga m'nthawi yochepa ma antibody otha kufooketsa mitundu yambiri ya kachilomboka, chinthu chimene thupi la munthu limachita mwa apo ndi apo, patapita zaka. Mankhwala sanatulukepo, ndipo mkaka wa ng'ombe suchiza HIV, izi muwauze ana momveka bwino. Koma zikuonetsa chifukwa chake kusuzumira m'majini a nyama ina iliyonse sikutaya nthawi.

Pa funso lachiwiri, yankho langa ndi lakuti inde, koma pang'ono, ndipo osati pamalo pamene mwana wanuyo akuganiza. Popeza panda aliyense amapanga yekha ma antibody ake kuchokera ku zidutswa, ngakhale panda wobadwa kwa makolo achibale angathe kupanga mamiliyoni osiyanasiyana. Pamene kuchepa kumaluma ndi pa majini ena a chitetezo otchedwa MHC. Awa ndi amene amanyamula kachidutswa ka kachilombo n'kukaonetsa kwa maselo ena oyera otchedwa T, amene nawo amapereka chilolezo kwa maselo B kuti apange ma antibody amphamvu. MHC sadulidwa kapena kusokedwa. Mmene unalandirira kwa bambo ndi mayi ndi momwemo mpaka kufa. Mtundu wa nyama ukachepa, mitundu ya MHC imachepa nawo, ndipo kachilombo kamene MHC ya nyama imodzi yalephera kukaonetsa kangathe kudutsa m'gulu lonse.

Chitsanzo chodziwika ndi cheetah, nyama yaliwiro yofanana ndi kambuku imene inabwezeretsedwa ku Liwonde mu 2017 ndi ku Majete mu 2019. Lipoti la mu 1985 linaonetsa kuti khungu la cheetah mmodzi likasokedwa pa mnzake wosakhala m'bale wake, thupi silinkalikana msanga, chizindikiro chakuti MHC yawo ndi yofanana kwambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kachilombo ka amphaka kanapha oposa theka la ma cheetah a pamalo ena osungirako nyama ku Oregon, ku America. Komabe ma cheetah a m'tchire ku Namibia akayezedwa amapezeka athanzi, choncho majini okha sanena zonse. Kupanikizana m'mipanda nakonso kumadwalitsa.

Panda sali ngati cheetah. Mwa Jingjing anapeza malo 2.7 miliyoni pamene chilembo chochokera kwa bambo chinali chosiyana ndi chochokera kwa mayi, mlingo woposa wa munthu. Chuma cha majini akadali nacho. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi kugawikana. Kalembera amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015 anapeza ma panda 1,864 m'tchire, m'mapiri a zigawo za Sichuan, Shaanxi ndi Gansu, koma ali m'timagulu 33 tolekanitsidwa ndi misewu, minda ndi midzi, ndipo 18 mwa timaguluti tinali ndi nyama zosakwana 10. Kagulu kotero kakakhala kokha kwa mibadwo ingapo, kukwatirana pachibale sikungapeweke. Mu 2016 bungwe la padziko lonse loona za kusamalira zachilengedwe la IUCN linachotsa panda pa gulu la nyama zotsala pang'ono kutha n'kumuika pa gulu la zimene zili pachiopsezo chocheperapo, ndipo mu 2021 China inakhazikitsa paki yaikulu ya ma panda, mwa zina pofuna kulumikizanso timaguluti.

Koma chimene chinapha ma panda anthu akuona sichinali kusowa kwa majini. Kuyambira December 2014 mpaka April 2015, matenda a agalu otchedwa canine distemper analowa pamalo osungirako nyama ku Louguantai m'chigawo cha Shaanxi. Ma panda 6 anatenga kachilomboka, 5 anafa. Amene anapulumuka ndi amene anali atalandirapo katemera. Onse 6 anali ndi zidutswa zokwanira kupanga antibody yoyenera, koma distemper imaukira maselo oyera omwewo ndi kufika ku ubongo masabata atatu aja asanakwane. Katemera sapereka jini latsopano la antibody; amangopatsa maselo B mwayi wochita kuswana ndi kusankhana kuja mdani weniweni asanabwere. Ndipo ngakhale katemerayo amafuna kumudziwa bwino mwini thupi. Katemera wa agalu wa kachilombo kofooketsedwa anaphapo ma red panda, nyama ina yaing'ono ya kumapiri komweko, moti malo ena osungira ma panda anatembenukira ku katemera wonyamula jini chabe la distemper, amene sangayambitse matendawa. Kachilombo komweka kanapha mikango pafupifupi 1,000 ku Serengeti m'dziko la Tanzania mu 1994, ndipo agalu a m'midzi yozungulira ndiwo anaganiziridwa kuti anakabweretsa.

Funso lanu lomaliza ndiliyankhira m'khola. Mwana wa panda amabadwa wolemera pafupifupi magalamu 100, wapinki, wosaona, wochepa pafupifupi ka 900 poyerekeza ndi mayi ake. Maselo B ake amakhala asanakumanepo ndi mdani aliyense. Mwa nyama za m'banja la galu, ma antibody ochepa okha ndi amene amadutsa pa nsengwa kupita kwa mwana, ndiye ochuluka amayenera kubwera ndi mkaka woyamba. Pafupifupi theka la ma panda oswera m'manja mwa anthu amabereka mapasa, koma mayi amasamala mmodzi yekha. Osamalira ku Chengdu anapeza njira yosinthanitsa: wina ali pa bere, wina ali m'kabokosi kotenthetsa, pakapita maola angapo n'kuwasintha, kuti onse awiri ayamwe mkaka wa mayi wawo. Ana ambiri amene kale akanafa anayamba kukula.

Thole lanu lili pa vuto loposa pamenepa. Mwa ng'ombe palibe antibody imene imadutsa pa nsengwa. Thole limagwa pansi magazi ake alibe IgG, ndipo matumbo ake amalola ma antibody athunthu kulowa m'magazi kwa maola ochepa chabe. Mpata umenewu umayamba kutsekeka likangobadwa. Pakatha maola 6 wachepa kwambiri, pakatha maola 24 watsekeka. Ng'ombe ikabereka usiku wa mu June kukuchita chiperoni, thole lonyowa likunjenjemera pa udzu osatha kuimirira, mwini wake n'kunena kuti liyamwa kukacha, m'mawa mwake mkaka umene lidzamwe udzakhala chakudya chabe. Thole lotero ndi limene limatsegula m'mimba pa sabata yachiwiri, kutupa mchombo kapena mawondo, n'kufa kapena kukula mopinimbira. Ndiye tengani tochi, pukutani thole, sambani m'manja ndi kutsuka mawere, kamani mkaka wachikasu wokhuthalawo ndi kulimwetsa ndi botolo loyera m'maola awiri oyamba, n'kubwerezanso maola 6 asanathe. Mlingo wake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake: thole la makilogalamu 30 lifunika malita atatu. Mkaka umenewo kumalo osonkhanitsira mkaka saulandira n'kale, palibe chimene mukutaya.

Munthu ndiye ali ndi mwayi, chifukwa IgG ya mayi imadutsa pa nsengwa m'miyezi itatu yomaliza ya mimba. Mkaka woyamba wa mayi uli ndi IgA yambiri, imene imaphimba matumbo a khanda, n'chifukwa chake azamba amanena kuti mwana aikidwe pa bere ola loyamba lisanathe. Chitetezo chobwerekachi chimatha pang'onopang'ono, ndipo chikadalipo chimatha kugwira katemera wina asanaphunzitse maselo B a mwanayo. Ana agalu amabayidwa katemera wa distemper kangapo mpaka atakwana masabata 16 pa chifukwa chimenechi. Chikuku ndi m'bale weniweni wa distemper, ndipo ku sikelo katemera wake amadikira mwana akwane miyezi 9, pamene ma antibody a mayi achepa, kenako n'kubwerezanso pa miyezi 15 kuti agwire ana amene ulendo woyamba sunawagwire.